Mmisiri Amene Ankasaina Tsamba Lililonse

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Malichi 1961, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika wa matabwa. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo anali mlonda pa sitolo ya zitsulo, ndipo mayi awo ankachapa zovala m'nyumba za anthu.

Abusa, akuluakulu a mpingo, achibale, anansi ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ine ndine mwana wawo wotsiriza. Amene amayenera kuwerenga mbiriyi ndi achimwene aakulu, koma kuyambira Loweruka mawu sakuwatuluka, ndiye amayi aloza ine. Dzulo kampani imene bambo anagwirako ntchito zaka makumi anayi ndi chimodzi inatitumizira pepala lotayipa bwino, la mizere khumi ndi iwiri, kuti tiwerenge pano. Tathokoza, koma sitiliwerenga. Pepalalo likuti bambo anapuma pantchito mwaulemu. Silikunena chifukwa chimene inu anzawo a ku fakitale, amene ndikukuonani mwaima kumbuyoko pafupi ndi mpanda, munasiyira kuwapatsa moni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mwachita bwino kubwera, koma mwaima patali. Ine sindikufuna kuti bambo anga alowe m'manda ndi dzina limene munawapatsa. Choncho mundipirire, mbiriyi italikirapo.

Malemu anayamba sukulu mu 1968. Azakhali amati masamu ankawadziwa kwambiri, moti anzawo ankawanyengerera ndi maswiti kuti awaonetse mayankho. Mu 1976 bambo awo anamwalira, ndipo malemu anasiya sukulu ali m'kalasi yachisanu ndi chitatu kuti azithandiza mayi awo kulera ang'ono awo. Kwa zaka ziwiri ankasenza matabwa pamsika paja. Nkhani yosiya sukuluyi sankakonda kuikamba, ndipo akaitchula ankatsitsa mawu ngati akutchula matenda.

Pa 1 Ogasiti 1978 analembedwa ntchito pa fakitale ya mipando, matebulo, madesiki a sukulu ndi mabedi a m'zipatala. Anayamba ndi tsache, kusesa utuchi pansi pa makina, kenako anawapatsa sandipepa. Tsiku lomwelo analembedwanso mnyamata wina wamtali, wowonda, wamutu waung'ono, amene anzake sanachedwe kumutcha kuti Msomali. A Msomali ali pakati panu kumbuyoko, avala chipewa chotuwa. Bambo nawo anapeza dzina lawo. Munthu akafuna kunyamula mpando umene angoulumikiza kumene, bambo ankathamanga manja ali m'mwamba, kumuuza kuti adikire guluu sanaume. Ankanena zimenezi kambirimbiri pa tsiku, mpaka fakitale yonse inayamba kuwatcha a Dikirani. Ngakhale amayi akakwiya ankawaitana dzina lomwelo.

Mu 1983 malemu anayesedwa pamaso pa amisiri akuluakulu ndipo anapambana. Pa fakitale ija mmisiri akapambana ankapatsidwa chizindikiro chakechake, chimene ankachiwotcha ndi kachitsulo kunsi kwa chinthu chilichonse chimene wapanga. Cha bambo chinali mizere itatu ndi kadontho pamwamba. Chinthu chikathyoka n'kubwezedwa, kapitawo ankangochitembenuza, ndipo mwini wake ankadziwika popanda kufunsa. Ife ana tinakula ndi matenda otembenuza mipando ya eni. Achemwali anakwapulidwapo kusukulu chifukwa chogwetsa madesiki asanu pofunafuna mizere itatu ija, ndipo pa desiki lachisanu anaipezadi.

Mwini fakitale wa nthawi imeneyo, amene tsopano timangoti Abwana Akale, ankagulitsa chinthu chimodzi, kulimba. Katundu wawo anali wodula kuposa wa ena, koma sukulu ikagula desiki inkadziwa kuti mwana adzakhalapo, ndipo mwana wa mwanayo adzalipeza. Malipiro nawo ankayenda njira yomweyo. Aliyense ankalandira pamwezi. Munthu ankakwezedwa akapambana mayeso a umisiri, kapena akaphunzitsa wachinyamata mpaka wachinyamatayo atalandira chizindikiro chake. Pakutha pa chaka bonasi inkapita kwa amene katundu wawo sanabwezedwe, osati kwa amene apanga zambiri. Bambo ankati Abwana Akale sanali mngelo, anali aukali ndiponso owuma manja pa zinthu zina, koma pakamwa pawo ndi m'thumba mwawo munkatuluka mawu amodzi.

Pa 12 Sepitembala 1987 malemu anakwatira amayi athu, amene akhala apawa. Amayi ndi telala. Asanakwatiwe anagula kampando kokhalira posoka, ndipo patapita masiku anabwerera ku fakitale kukadandaula kuti kakugwedera. Kampandoko sikanali ka bambo, koma iwo anadzipereka kukakaona. Anapita katatu. Amayi amati tsiku loyamba lomwelo bambo anaona kuti vuto si kampando koma simenti ya pansi yosasalala, koma anakhala chete mpaka ulendo wachitatu, atatsimikiza kuti pakhomopo sipabwera mwamuna wina. Amene anaima pambali pawo pa ukwati ndi a Msomali. Mulungu anawapatsa ana anayi, achimwene mu 1988, achemwali awiri mu 1991 ndi 1994, ndipo ine mu 1999. Bambo ankandiseka kuti ndine thabwa lotsala, limene mmisiri sanaliyembekezere koma sangalitaye.

Kuyambira 1990 mpaka 1993 anachita maphunziro a pakalata ndipo anamaliza sekondale ali ndi ana awiri. Mu 1995 anakhala kapitawo. Mu 2004 Abwana Akale anawaitana n'kuwapatsa ofesi yoyang'anira antchito, yoona za kulemba anthu ntchito, kuwakweza, malipiro ndi madandaulo awo. Anawauza kuti akufuna munthu wodziwa fungo la guluu, osati wodziwa mapepala okha. Bambo anavala tayi koyamba ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, koma pensulo sinachoke kukhutu. A Msomali ankawayimitsa pakhomo n'kuwaweramira mwachipongwe, kuwafunsa ngati abwana angalole kuti munthu wosauka awasase utuchi umene wawagwera paphewa. Masana onse awiri ankadyera pa benchi imodzi ngati kale.

Mu ofesimo bambo anali ndi makhalidwe awiri amene ndikufuna muwamve bwino. Loyamba, za mu ofesi sizinkatuluka pakhomo. Ankati malipiro a munthu ndi ngati chovala chake cham'kati, ndipo wopatsidwa makiyi a kabati sayenera kuyanika za anzake panja. Amayi anakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi koma sanamvepo kuti wakuti amalandira zingati, kapena kuti mabwana anena chiyani kuseri kwa chitseko. Lachiwiri, dzanja la mmisiri silinawachoke. Monga ankaika chizindikiro kunsi kwa mpando uliwonse, ankasainanso kunsi kwa tsamba lililonse limene alemba. Kalata ikakhala ya masamba anayi, siginecha zinkakhala zinayi. Akalaliki ankaseka kuti a Dikirani atha inki ya kampani, koma iwo ankati chinthu chopanda dzina la mwini n'chamasiye.

Mu 2015 Abwana Akale anamwalira ndipo ana awo awiri anatenga kampani. Sindinama pamaliro, zinthu zinali zitavuta kale. M'masitolo munadzaza mipando yotchipa ya matabwa opanikiza utuchi, ndipo anthu ankagula imeneyo. Eni atsopanowa sanali anthu oipa mtima, anali ndi mantha kuti fakitale itseka. Mu 2017 anaganiza zosintha njira, kuti azipanga mipando ndi mashelefu ambirimbiri, otsika mtengo, opita m'masitolo akuluakulu. Anapempha bambo kuti alembe dongosolo la malipiro logwirizana ndi njira yatsopanoyo. Bambo sanakane. Ankakhulupirira kuti malipiro ayenera kulowera kumene kampani ikulowera, chifukwa wantchito samvera zimene bwana walankhula pamsonkhano, amamvera zimene envulopu yake yamuuza pakutha pa mwezi. Anakhala milungu itatu akulemba, ndipo panatuluka masamba awiri.

Tsamba loyamba mukulidziwa nonse. Linkati malipiro a pamwezi atha, aliyense azilandira malinga ndi kuchuluka kwa zinthu zimene wamaliza. Lolemba pa 2 Okutobala 2017 munalipeza litakhomedwa pa bolodi la pafupi ndi geti, kunsi kwake kuli siginecha ya bambo. Tsamba lachiwiri simunalionepo. Kope lake ndili nalo pano, ndipo amayi andilola kuti ndiliwerenge. Likuti:

"Zimene zili pa tsamba loyamba zisayambe popanda izi. Zikhudze gulu lopanga katundu wa m'masitolo lokha. Amisiri akale makumi atatu atsale pa malipiro a pamwezi, apitirize madesiki ndi mabedi a m'zipatala, ndipo aziwonjezeredwa akaphunzitsa achinyamata. Bonasi ya aliyense izichepa katundu wake akabwezedwa. Ngati izi sizitheka, tisiye kulandira maoda a sukulu ndi zipatala, ndipo mawu akuti katundu wolimba tiwafufute pa chikwangwani chathu. Tisalonjeze ogula chinthu china kwinaku tikulipira antchito kuti apange china."

Kunsi kwake kulinso siginecha yawo. Eni kampani anatenga tsamba loyamba, lachiwiri n'kulisiya m'dirowa. Ndipo popeza bambo anali atasaina tsamba loyambalo palokha, linkaoneka lathunthu, ngati kuti munthuyo ananena zonse zimene anali nazo n'kutseka pakamwa. M'mawa umene linakhomedwa bambo anakwera ku ofesi ya pamwamba ya eni kampani, ndipo anauzidwa kuti tsamba lachiwiri likuganiziridwa. Analemba makalata ena atatu okumbutsa, mu Novembala 2017, mu Epulo 2018 ndi mu Januwale 2019. Makope ake ndili nawonso. Yankho linali lomwelo.

Lamlungu lotsatira kukhomedwa kwa tsamba lija, a Msomali anabwera kwathu masana atachoka kutchalitchi. Anakhala pabalaza, amayi n'kuwapatsa tiyi. Anafunsa bambo, powatchula kuti achimwene monga ankachitira nthawi zonse, ngati analembadi okha pepala lija kapena anangowagwira dzanja. Bambo anati analemba okha. A Msomali anafunsanso ngati pali china chimene angawonjezere, chifukwa anthu ku fakitale awatuma ndipo akudikira. Bambo anati palibe. A Msomali anaika kapu patebulo tiyi ali pakati, anatenga chipewa, anathokoza amayi, n'kutuluka. Pakhomo pathu sanapondenso.

Zimene zinatsatira inu mukuzidziwa kuposa ine. Achinyamata a manja othamanga anayamba kulandira zambiri kuposa amene anawaphunzitsa. Mmisiri wa zaka makumi atatu pantchito, amene ankatha masiku awiri pa desiki limodzi, ankabwerera kunyumba ndi theka la zimene ankalandira kale. Kuphunzitsana kunatha, chifukwa ola limene ukuonetsa mnzako kagwiridwe ka pulena yopalira matabwa ndi mpando umodzi wochoka m'thumba mwako. Anthu anayamba kubisirana matabwa abwino kuseri kwa makina. Mipando inkanyamulidwa guluu ali wamadzi, ndipo panalibenso wothamanga manja ali m'mwamba. Zitsulo zowotchera zizindikiro zinachita dzimbiri m'bokosi, chifukwa kuwotcha chizindikiro kunkadya mphindi. Palibe amene anali waulesi kapena woipa. Aliyense ankachita zimene envulopu inkamuuza. Nthawi imeneyi ndi imene dzina la a Dikirani linafa, ndipo munayamba kuwatcha a Siginecha. Benchi ija ya masana ankakhalapo okha.

Walira mvula walira matope. Mu Febuluwale 2019 lole inalowa pageti itadzaza madesiki oposa mazana awiri obwezedwa ndi sukulu zitatu, miyendo ili padera, mipando ili padera. Pambuyo pake zipatala nazo zinasiya kuoda. Masitolo akuluakulu aja anapeza ena otchipa kuposa fakitale ija. Mu Julaye chaka chomwecho kampani inachotsa anthu makumi anayi ndi atatu, ambiri mwa iwo amisiri akale. Eni ake ankafuna kuti mayina angokhomedwa pa bolodi, koma bambo anakana. Anati munthu amene wagwira ntchito zaka zonsezi asamve za kuchotsedwa kwake kwa misomali ya pa bolodi. Anayenda okha benchi ndi benchi, kupereka kalata iliyonse m'manja. Iwo ankaona ngati ulemu, inu munaona ngati chipongwe. Kalata ya a Msomali inali ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Madzulo a tsiku limenelo bambo sanadye, anangokhala panja atavula nsapato. Pa 20 Disembala 2019 bambo nawonso analandira kalata yawo. Inkati mavuto a kampani achokera ku kasamalidwe ka antchito, ndipo ndi bwino apume msanga. Iwo anaipeza patebulo lawo, panalibe woibweretsa m'manja.

Apa ndiyenera kunena za ine, ngakhale mbiriyi si yanga. Mu 2018 ndinalowa koleji, woyamba m'banja mwathu, kukaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Tsiku limene ndinkanyamuka bambo anandipangira kabokosi ka mabuku ndi manja awo, n'kuwotcha mizere itatu kunsi kwake. M'chaka chachiwiri aphunzitsi anajambula pa bolodi mabokosi ndi mivi, kutionetsa kuti cholinga cha kampani, kasankhidwe ka antchito ndi malipiro awo ziyenera kuloza mbali imodzi. Anapereka chitsanzo cha kampani yolonjeza katundu wabwino koma yolipira liwiro, kalasi yonse n'kuseka. Ine sindinaseke. Nditabwera kutchuthi ndinatsegula bukulo patebulo tikudya, n'kuwauza bambo kuti zimene anachita zili m'buku ngati chitsanzo cha umbuli. Amayi anandikalipira. Bambo anapukuta m'manja, anavala magalasi, anawerenga tsamba lonse chala chikuyenda pansi pa mizere, kenako anandibwezera bukulo n'kunena kuti amene analemba ndi munthu wanzeru, ndimumvere. 

Mu 2020 ndinasiya koleji chifukwa panalibenso wondilipirira. Bambo anagulitsa makina awo a matabwa amene ankasungira ukalamba, koma sizinakwane. Ndinayamba kukonza mafoni pa kabenchi ka mnzanga mumsewu. Ndinkawaimba mlandu bambo, ndipo kwa chaka chathunthu tinkakhala nyumba imodzi tikungopatsana moni wa m'mawa. Choncho inu a kumbuyoko musaone ngati ndikukulozani chala. Inu munali kunja kwa mpanda. Ine ndinkadya nawo mbale imodzi, ndipo ndinawaweruza kuposa inu.

Pa 14 Juni 2021 malemu anagwa kubafa. Achipatala anati ndi sitiroko, yobwera ndi kuthamanga kwa magazi kumene ankakubisa. Mbali ya kumanzere inafooka, ndipo kulankhula kunakhala kwapang'onopang'ono. Achimwene ndi achemwali ali ndi mabanja awo kutali, ndiye owasambitsa ndi kuwatembenuza tinali ine ndi amayi. Munthu amene ankanyamula chitseko yekha ndinkamunyamula ngati mwana. Ankachita manyazi, ndiye ankabisa manyaziwo ndi nthabwala, kundiuza kuti ndiwagwire bwino chifukwa katunduyu akathyoka kulibe kokamubweza.

Mu Ogasiti 2022 ndikufunafuna khadi lawo lakale la kuchipatala, ndinatsegula bokosi la zipangizo limene linali pansi pa bedi. Pansi pa matchizulo osemera matabwa panali envulopu, ndipo m'menemo munali makope a tsamba lachiwiri ndi makalata atatu aja. Ndinawerenga nditaima. Kenako ndinakhala pansi pa simenti pafupi ndi bedi lawo, n'kuwafunsa chifukwa chimene anatisiyira tonse kuti tiwade chonchi pepala lili pansi pa bedi. Anayankha mwapang'onopang'ono, ndipo zinatenga nthawi. Anati akanakuonetsani inu a ku fakitale mukananyanyala ntchito, ndipo eni ake, amene anali kale ndi mantha, akanatseka fakitale, anthu onse zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi n'kukhala pamsewu. Anatinso makiyi a kabati anawalandira ndi lonjezo, ndipo lonjezo silitha chifukwa choti amene unamulonjeza wakulakwira. Koma chimene anachinena kawiri n'chakuti iwonso analakwa. Anati mmisiri sapereka mpando wa miyendo iwiri n'kunena kuti inayo ili m'chipinda china. Ankadziwa kuti anthu amene akuwalembera ndi ofulumira, ndipo anayenera kulemba zonse pa tsamba limodzi, kapena kusaina kamodzi kokha kumapeto. Anati dzanja linawatsogolera nzeru zisanafike. Kenako anandilumbiritsa kuti pepalalo lisatuluke m'nyumba iwo ali moyo.

Ine sindikudziwa ngati kukhala chete kwawo kunali kolondola. Kunena zoona, ndikuganiza kuti sikunali kolondola. Fakitale sinatseke, n'zoona, koma anthu makumi anayi ndi atatu anachotsedwabe, ndipo anachoka akudana ndi munthu yekhayo amene anawalembera mawu owateteza. Ndinawauza zimenezi, ndipo anangoti mwina. Koma ndikudziwa kuti bambo anga sanakugulitseni. Analakwitsa ngati mmisiri, ndipo anasenza cholakwa chawo pamodzi ndi cha eni ake, osatula.

Kwa inu amene mwaimira kampani, amene mwakhala pamipando ya kutsogoloyi, tathokoza chifukwa cha galimoto ndi nkhata ya maluwa. Tamva kuti chaka chatha munaitana katswiri wochokera kunja kwa kampani, ndipo anakulangizani kuti muitanenso amisiri akale, muwaike pa malipiro a pamwezi, aziphunzitsa achinyamata, kuti sukulu ziyambenso kukukhulupirirani. Ndi malangizo abwino. Mukabwerera ku ofesi mutsegule dirowa yachiwiri ya tebulo la pamwamba, mwina mudzawapeza atalembedwa kale, ndi deti la 2017. Ife sitikupempha kanthu kwa inu. Tikungopempha kuti mukadzalemba za munthu wina amene wakutumikirani moyo wake wonse, mizere ipose khumi ndi iwiri.

Lachisanu pa 3 Novembala 2023 malemu anayamba kubanika ndipo tinawatengera kuchipatala, kumene anawagoneka. Madokotala anati mtima watopa. M'masiku amenewo chitseko cha wodi chikatseguka ankatembenuza mutu, kenako n'kuubweza. Lachitatu anandifunsa ngati a Msomali amva kuti iwo ali m'chipatala. Ndinati ndikawauza. Ndinapitadi kumene a Msomali amakhomera mipando m'mbali mwa msewu masiku ano. Ndinaima tsidya lina la msewuwo pafupifupi ola, ndikuwaona akupala thabwa. Sindinadziwe kuti ndikawoloka ndinena chiyani popanda kuswa lumbiro, ndipo ndinkaopa kuti andibweza. Ndinabwerera, n'kuwanamiza bambo kuti sindinawapeze. A Msomali, bambo anakuitanani. Amene sanafikitse uthengawo ndine. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndikuuvomera pamaso pa anthu onsewa.

Lachisanu, tsiku loti amwalira mawa lake, anauza amayi zimene akufuna pa maliro awo. Sanasankhe nyimbo kapena suti. Anati akufuna kuti adzawanyamule anthu a ku fakitale. Amayi anawauza mosabisa kuti mwina anthuwo sadzalola. Bambo anati akudziwa, koma tidzangowapempha, ndipo akadzakana tisadzawasungire chakukhosi. Malemu anatisiya Loweruka pa 11 Novembala 2023, cha m'ma 1 koloko masana, amayi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri.

Asiya mkazi wawo, amayi athu. Asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, apongozi atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso ang'ono awo awiri ndi alongo awo amodzi, azakhali athu, amene akhala pambali pa amayi apo. Asiya achinyamata khumi ndi anayi amene anawaphunzitsa umisiri mpaka kulandira zizindikiro zawo, amene lero ndi abambo a mabanja.

M'malo mwa banja lonse ndikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene sanatope kubwera kwathu zaka ziwiri ndi theka za matendawa. Ndikuthokoza anamwino a wodi ya abambo, makamaka amayi aja amene ankawameta ndevu ngakhale si ntchito yawo. Ndikuthokoza aneba athu a kumanja amene anatitengera kuchipatala pa galimoto yawo kangapo konse osalandira kanthu, mnzanga wa pabenchi la mafoni amene ankagwira ntchito ya anthu awiri ine kulibe, amalume amene ayendetsa zonse kuyambira Loweruka, ndi inu nonse amene mwagona nafe pano masiku atatu. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Tsopano ndikupereka pempho limene ndinatumidwa. Bokosili lili ndi zogwirira zisanu ndi chimodzi. Ine ndi achimwene tigwira ziwiri za kumutu. Zinayi zinazo tazisiya, ndipo amalume awauza achibale kuti asazigwire kufikira kwaya itamaliza nyimbo yoyamba. Sitikukakamiza munthu. Amene mtima ukumuwawabe ali ndi chifukwa, ndipo akhoza kuima pomwe waima, ife sitidzamuyang'ana ndi diso loipa. Nyimbo ikatha palibe wabwera, achibale adzagwira ndipo tidzanyamuka. Koma njira ya pakati pa mipandoyi taisiya yotsegula kuchokera kumpanda mpaka kuno.

Bambo, zimene munandiletsa muli moyo ndazinena, ndipo zimene munandituma ndafikitsa, ngakhale mochedwa. Mundikhululukire pa zonse ziwiri. Mwagwira ntchito yokwana, a Dikirani. Muuse mumtendere.